Galimoto ya Chipatala ndi Msewu wa Dzinja

Zinthu zambiri zimene wodwala amalandira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi zimabwera pa galimoto. Katemera wa ana, mankhwala a malungo, madzi a diripi, ngakhale dokotala wa maso amene amafika mwa apo ndi apo, zonsezi zimachokera ku boma kudzera mumsewu wafumbi. Tsono mayi akavutika pochira, kapena mwana akachepa magazi chifukwa cha malungo, msewu womwewo ndiwo umamufikitsa ku chipatala chachikulu kumene kuli opaleshoni ndi magazi omuwonjezera. M'chilimwe vuto la msewuwu ndi fumbi ndi maenje basi. Koma mvula ikakhazikika, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, ulendo wa ola limodzi ukhoza kutha tsiku lonse, ndipo nthawi zina sutheka n'komwe.

Anthu ambiri akaona ambulansi yoyera ija, yaitali miyendo ngati kakowa, amayesa kuti palibe malo amene ingalephere kufika. Ikachedwa amati dalaivala ndi waulesi, kapena a chipatala ndi ouma mtima. Galimoto imeneyi ndi yamphamvu ndithu, koma ili ndi malire ake, ndipo mudzi umene ukuwadziwa malirewo umakonzekera dzinja mwanzeru. Phunziro la mwezi uno likunena za m'mene galimotoyi imasankhidwira, m'mene imayendera m'matope, chisamaliro chimene imafuna, ndi gawo la ulendo wake limene lili m'manja mwa eni mudzi.

Kusankha galimoto

Magalimoto okoka ndi mawilo onse anayi adadziwika kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene asilikali a ku America ankayenda pa Jeep m'matope ndi mumchenga. Nkhondo itatha, m'chaka cha 1948, kampani ya Rover ya ku Britain idatulutsa Land Rover, imene poyamba idapangidwira alimi. Thupi lake lidali la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinkasowa masiku amenewo, ndipo mwayi wake udali wakuti aluminiyamu sachita dzimbiri. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ogwira ntchito za katemera ndi a matenda a khate ankafika m'midzi yambiri pa galimoto imeneyi. Mtundu wake wakale uja adasiya kuupanga m'chaka cha 2016. Ambulansi zambiri za m'maboma masiku ano ndi Land Cruiser za kampani ya Toyota ya ku Japan. Dzina limeneli lidayamba m'chaka cha 1954, ndipo mtundu wa nambala 70, umene zipatala zimagula, udatuluka m'chaka cha 1984 ndipo sudasinthe kwenikweni maonekedwe.

Kusasinthako ndiye ubwino wake. Wosankha galimoto ya chipatala cha kumudzi salabadira mipando yofewa kapena liwiro. Amayang'ana ngati mimba ya galimotoyo yatalikira pansi kuti isagunde zitsa ndi miyala, ngati thupi lake lakhala pa zitsulo ziwiri zochindikala zopirira kugwedezeka kwa zaka zambiri, ndiponso ngati kumbuyo kwake n'kotalika kuti wodwala agone chowongoka pa machira. Koposa zonse amayang'ana injini. Ambulansi zambiri zili ndi injini ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, imene ilibe zida zambiri za kompyuta. Siithamanga, ndipo pa chitunda imakwera ngati nkhalamba, koma ikadwala makaniko wa pa boma amatha kuimasula ndi masipanala ake. Galimoto yamakono yofuna makina apadera oyezera, ikafa ku Chitipa kapena ku Nsanje, imadikira lole yodzainyamula kupita ku tawuni, ndipo odwala amatha miyezi alibe choyendera. N'chifukwa chakenso nkwanzeru kuti boma limodzi likhale ndi magalimoto a mtundu umodzi, kuti zipangizo zosinthira zizigwirizana.

Mawilo anayi

Pa msewu wa phula ambulansi imakoka ndi mawilo awiri akumbuyo okha. Pafupi ndi ndodo ya magiya pali ndodo ina yaifupi, imene ntchito yake ndi kutumiza mphamvu ya injini ku mawilo akutsogolo. Pa magalimoto ambiri a mtunduwu dalaivala ayenera kuyamba watsika ndi kupotoloza kachitsulo kamene kali pakati pa wilo lililonse lakutsogolo. Choncho anthu akaona ambulansi itaima isanafike pa dambo, dalaivala atawerama pa tayala, asaganize kuti yawonongeka kapena kuti akutaya nthawi. Ntchito imeneyi imachitika pouma, matope asanayambe. Dalaivala wodikira kuti atitimire kaye ndiye amene amagona m'dambo.

Ndodo yaifupi ija ikakankhidwanso pa chizindikiro cha L, galimoto imalowa m'magiya apansi. Pamenepo imayenda pang'onopang'ono ngati ngolo, koma mphamvu yofika ku mawilo imachuluka kuposa kawiri. Magiya amenewa ndiwo okwerera zitunda za miyala, ndiponso otsikira. Pa msewu wa Gorodi, wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, pali makhota pafupifupi 20 opinda ngati chigongono. Wotsika phiri lotere atangodalira mabuleki amawatenthetsa mpaka amaleka kugwira, pamene wotsika ndi giya yapansi amalola injini kuti izigwira galimoto. Akafikanso pa phula, dalaivala ayenera kumasula mawilo akutsogolo aja. Pokhota, mawilo akutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo kusiyana ndi akumbuyo. Pa dothi kusiyanako kumatha chifukwa matayala amaterereka pang'ono, koma pa phula matayala amagwira zolimba, zitsulo za pansi zimapotana mpaka china chimathyoka.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa anthu okankha galimoto. Pakati pa mawilo awiri alionse pali chipangizo chobulungira chimene amakaniko amachitcha difu. Ntchito yake ndi kulola wilo lakunja kuti lizungulire msanga kuposa lam'kati pamene galimoto ikukhota. Kuipa kwake n'kwakuti m'matope difu imalola wilo limene likuterereka kuti lizingozungulira, limene laponda polimba lili duu. Wilo limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo zikamapalasa matope, galimoto ya mawilo anayi yaima basi. Magalimoto ena ali ndi loko wa difu wokakamiza mawilo onse awiri kuzungulira pamodzi, koma si onse. Ndipo mimba ya galimoto ikakhala pa mtumbira wa pakati pa msewu, umene malole ndi mathirakitala amasiya akakumba mikwasa yakuya, palibe giya imene ingathandize, popeza matayala amakhala ali lende.

Dothi nalonso limasiyana makhalidwe. Katondo wofiira wa kumtunda akanyowa pamwamba amaterera ngati therere, ndipo galimoto imatha kutsetserekera m'ngalande ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono. Makande akuda a m'chigwa cha Shire ndi a ku Phalombe amamatirira ku matayala n'kutseka mano ake onse, tayala n'kusanduka mpira wosalala. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja umameza tayala lolimba, ndiye dalaivala amaphwetsako mpweya kuti tayala liponde malo aakulu, kenaka amalipopanso akafika polimba. Pa dothi lililonse mwa amenewa mawilo anayi amathandiza galimoto kupita kutsogolo, koma pa kuima sawonjezerapo kanthu: mabuleki ake ndi ofanana ndi a galimoto ina iliyonse, ndipo kulemera kwake kumaposa matani awiri. Abale a wodwala amene amaumiriza dalaivala kuti athamange pa msewu wonyowa akuika moyo wa wodwala wawoyo pa ngozi yachiwiri.

Zimene amawonjezerapo

Galimoto ikachoka ku fakitale imayenera kukonzedwa kuti ikhale ambulansi. Amaikamo machira omangika pansi kuti asaseguke pa mabampu, benchi ya namwino, kokolekera diripi, nyale ya m'kati, ndi malamba omangira botolo la mpweya wa okosijeni, pakuti botolo lotere likagubuduka limatha kuthyola mwendo wa munthu. Zina zimakhala ndi matanki awiri a malita 90 lililonse, ndi batire lachiwiri loyatsira nyale ndi firiji kuti loyamba lisathe mphamvu yolizira injini. Katemera wambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akatenthedwa panjira amatha mphamvu ngakhale botolo likuoneka bwinobwino. M'chaka cha 2021 bungwe la World Health Organization lidavomereza Land Cruiser yokhala ndi firiji yaikulu m'kati, yopangidwira ntchito imeneyi. M'malo ambiri katemera amayendabe m'mabokosi ozizira, amene kuzizira kwake kuli ndi maola owerengeka. Galimoto ya sikelo ikatitimira m'mawa, a zaumoyo amadera nkhawa bokosilo kuposa nsima yawo.

Kunja amawonjezerapo matayala a mano akuluakulu, masipuling'i olimba, chitsulo chotchinga kutsogolo, winchi yodzikokera, ndi kathandala ka padenga. Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo wake wobisika. Katundu yense amene galimoto yotere ingasenze, kuwerengera anthu, mafuta ndi zida zomwe, ndi pafupifupi tani imodzi, ndipo chitsulo chilichonse chowonjezera chimadya gawo la taniyo. Katundu wa padenga ndiye woopsa kwambiri, chifukwa galimoto yolemera kumutu siichedwa kugubuduka ikapendekeka m'mbali mwa phiri. Apa ndi pamene pagona lamulo lakuti wodwala aziperekezedwa ndi munthu mmodzi yekha. Banja lonse likaumirira kukwera, ndi matumba a ufa ndi mitolo ya nkhuni, masipuling'i amaphwa, mimba ya galimoto imatsika, ndipo namwino amasowa pogwada kuti athandize wodwala. Dalaivala wonyamula matola kapena makala pa ambulansi akufupikitsa moyo wa chuma cha anthu onse.

Chitoliro chakuda chokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, chotchedwa snorkel, chanyenga anthu ambiri. Injini imapuma mpweya monga munthu, ndipo chitolirocho chimaithandiza kupumira m'mwamba, kumene fumbi n'lochepa ndipo madzi safika msanga. Madzi akalowa m'masilinda sapanikizika ngati mpweya, choncho zitsulo za m'kati zimapindika pa kamphindi, injini n'kufa. Koma chitolirocho sichisandutsa galimoto kukhala bwato. Opanga galimotoyi amalola madzi akuya mpaka masentimita 70, ndiye kuti ofika m'ntchafu mwa munthu wamkulu, ndipo amanena za madzi odekha, pansi pake polimba. Madzi othamanga ndi nkhani ina. Akuya masentimita 15 okha amagwetsa munthu, ndipo akafika masentimita 60 amatha kukokolola galimoto yaikulu. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, adagumula milatho ndi misewu m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo midzi yambiri idakhala masiku galimoto iliyonse isakufikako. Dalaivala amene waima pa mtsinje wodzaza n'kukana kuwoloka akuchita ntchito yake molondola. Mitsinje yambiri ya kumapiri imaphwera pakapita maola ochepa mvula ikakata.

M'mawa wa dalaivala

Magalimoto a chipatala ambiri amene amaoneka atakhala pa miyala kuseri kwa mawodi sadachite ngozi. Adafa ndi tizinthu ting'onoting'ono timene tidalekereredwa. Dalaivala wabwino ali ngati mayi wa mwana wa sikelo: sadikira kuti mwana adwale kuti akamuyeze. M'mawa uliwonse, injini isanalire, amaona oyilo, madzi a mu rediyeta ndi mafuta a mabuleki. Amayendera matayala onse, la padera lomwe, kuona mpweya ndi ming'alu, namangitsa manati, pakuti misewu ya mabampu imawamasula pang'onopang'ono. Amasuzumira pansi kuona ngati usiku kwadontha kanthu. Amaonetsetsa kuti jeke, thabwa loikapo jeke, fosholo, chingwe chokokera ndi pampu zili m'malo mwake.

Pa misewu yafumbi oyilo wa injini amasinthidwa pa makilomita 5,000 alionse, ndipo sefa ya mpweya imafuna kuyeretsedwa kawirikawiri, chifukwa fumbi likalowa mu injini limaipala ngati mchenga pa mphika. Mafuta a m'zigubu ogulitsidwa m'mbali mwa msewu ndi mdani wina. Nthawi zambiri amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini, ndipo amawononga pampu ya dizilo, imene mtengo wake ndi waukulu. Galimoto ikawoloka madzi akuya, dalaivala amaponda mabuleki pang'onopang'ono akuyenda kuti aume, ndipo akafika amaona oyilo wa mu difu. Akaoneka woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi alowa, ayenera kukhuthulidwa. Paipi yotulutsa utsi ikabooka imakonzedwa tsiku lomwelo, chifukwa mu utsi muli mpweya wa poizoni wosanunkha umene ungalowe kumbuyo kumene wagona wodwala wopuma movutikira kale. Tsiku limene ambulansi yapita ku galaja anthu amadandaula, koma tsiku limodzi la sevisi limaletsa miyezi ya kukhala pa miyala.

Kutsuka nakonso ndi mankhwala. Mliri wa kolera umene udayamba m'chaka cha 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo odwala ambiri adayenda pa ambulansi. Galimoto imene yanyamula wodwala kolera imatsukidwa ndi madzi a klorini: a mphamvu ya 2 peresenti pamene pagwera masanzi ndi chimbudzi, a 0.2 peresenti pa machira, pansi ndi pa zitseko. Pambuyo pake amatsukuluza ndi madzi wamba popeza klorini amadya zitsulo. Ponyamula munthu wokhosomola amene akuganiziridwa chifuwa chachikulu cha TB, mazenera amatsegulidwa kuti mphepo izidutsa.

Ikatitimira

Ambulansi ikatitimira anthu a pafupi amathamangira kukathandiza, ndipo ndi khalidwe loyamikika. Koma pa ntchito imeneyi anthu avulalapo. Choyamba ndi kukumba, osati kukankha. Makasu achotse matope kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa mimba ya galimoto, kenaka aikepo miyala ndi nthambi. Woima kumbuyo kwa tayala lozungulira akhoza kulasidwa ndi mwala kapena thabwa, ndipo pa chitunda munthu asaime kumunsi kwa galimoto. Jeke ikakweza galimoto pa dothi lonyowa, wina aliyense asalowe pansi pake. Pokoka ndi thirakitala kapena galimoto ina, chingwe chimangidwe pa ngowe zimene opanga adaikira ntchitoyo, ndipo anthu onse, makamaka ana, atalikire kuposa kutalika kwa chingwecho. Chingwe chachitsulo chikaduka chimakwapula ndi mphamvu yokhoza kupha. Mawu azichokera kwa munthu mmodzi, dalaivala. M'malo ena achinyamata amayamba atchula mtengo asanagwire khasu, pamene m'galimotomo muli mayi wotaya magazi. Nkhani yotere ndi yoyenera kukambidwa pa bwalo la mfumu dzinja lisanafike.

Gawo la mudzi

Chimene chimapha msewu wafumbi ndi madzi oyenda pakati pake. Ngalande za m'mbali ndi makalavati zikatsekeka ndi mchenga ndi mapesi, mvula ya sabata imodzi imasema chigwembe pamene padali njira. Ntchito yozitsegula ndi ya makasu, ndipo nthawi yake ndi Okutobala, dothi likadali louma. Mlimi wolima mizere yolozetsa madzi ku msewu, kapena wolima mpaka kudya ngalande, akudzitsekera yekha njira ya ku chipatala, chimodzimodzinso wozula matabwa a pa mlatho kukapangira chitseko. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, pamodzi ndi a mfumu ndi alangizi a zaumoyo, ingachite bwino kuyendera msewu wonse chaka ndi chaka ndi kudziwitsa a khonsolo malo amene aposa mphamvu ya makasu.

Woitana ambulansi anene zomveka: wodwala ndani, akudwala chiyani ndipo wayamba liti, mudzi wake, chizindikiro chodziwika monga sukulu kapena chigayo, ndiponso m'mene msewu ulili tsiku limenelo. Akanena kuti mtsinje wakuti wadzaza, dalaivala amazungulira njira ina kuchokera ku boma komweko m'malo mobwerera pa gombe. Mudzi uliwonse ukhale ndi malo odziwika okumanirana ndi galimoto m'dzinja, kumene imafika popanda kutitimira, ndipo wodwala anyamulidwe kupita kumeneko pa machira, pa ngolo kapena pa njinga ya ambulansi pamene galimoto ili m'njira. Usiku munthu mmodzi aime pa mphambano ndi tochi.

Komabe pali matenda amene sadikira ngakhale galimoto yabwino. Mayi wotaya magazi kwambiri atangochira akhoza kumwalira pasanathe maola 2, ndipo m'dzinja nthawi imeneyi siikwanira kuti ambulansi inyamuke ku boma, ifike, ndi kubwerera. Ichi ndicho chifukwa chake pa zipatala pali nyumba zodikirira amayi oyembekezera. Amayi a mimba yoyamba, amene adachirapo ndi opaleshoni, oyembekezera mapasa, othamanga magazi, ndi amene abereka kambiri, asadikire kuti matenda ayambire kunyumba. Omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga ndi a khunyu, afunse a chipatala ngati angalandire okwanira nyengo imene njira imaduka. Mayi wokhala kutsidya kwa mtsinje, amene masiku ake akugwera pakati pa Disembala ndi Malichi, apangane ndi azamba pa sikelo, mimba ikadali ya miyezi 7, tsiku lodzasamukira ku nyumba yodikirira, ndipo bambo akonzeretu ufa, ndiwo, nkhuni ndi munthu wokamudikirira mtsinjewo usanadzaze.